Kodi ticking ndi nsalu yanji? Zokambirana pa gulu la osoka

Nachisale ku Mangochi: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni msanga. Mayi wina wachizungu amene akuyendetsa loji kuno kunyanja wanditumizira uthenga kuti ndimusokere za mapilo 24, ndipo walemba kuti nsalu yake ikhale ticking ya mizere ya buluu, pafupifupi mamita 20. Mawu amenewa ine sindinawamvepo. Ndafunsa m'mashopu a nsalu pa boma pano, angondiyang'ana. Ndi dzina la kampani kapena ndi mtundu wa nsalu? Sindikufuna kumuyankha kuti sindikudziwa, ntchito ingandipulumuke.

Wabelo ku Tsoka: Tick si nkhupakupa kodi? Asisi, mwina mzunguyo akudandaula kuti mapilo ake alowa nkhupakupa. Akufuna mankhwala ameneyo, osati telala 😂

Nachisale ku Mangochi: Inu achimwene, ine thukuta lili kamukamu kuno inu mukuseka.

Aphunzitsi opuma: Musamukalipire, walasa pang'ono ngakhale amachita nthabwala. Chingerezi chili ndi mawu angapo olembedwa mofanana, tick, koma si a banja limodzi. Pali tick ya nkhupakupa imene watchulayo. Pali tick yochonga, ija tinkaika ndi bolopeni yofiira m'makope mwanu mukakhoza samu, ndipo kulira kwa wotchi amakutchulanso choncho. Ku Britain kulinso tick ya ngongole. Munthu akatenga katundu on tick ndiye kuti adzalipira m'tsogolo, ndipo imeneyo inadulidwa kuchoka ku mawu akuti ticket. Tsono pali ina imene sitinkaphunzitsa kusukulu: thumba limene amathiramo nthenga, udzu kapena ubweya kuti likhale pilo kapena matiresi. Thumbalo ndiye tick. Nsalu yosokera thumbalo ndiye ticking. Mwanangu Nachisale, kasitomala wakoyo akunena nsalu ya thumba la mkati mwa pilo, lija limagwira zam'kati, limene pilokesi imavala pamwamba pake.

Nachisale ku Mangochi: Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuti nsalu iliyonse yolimba ikhoza kukhala ticking?

Madala a Singer: Ayi mwana wanga, ima kaye pomwepo. Nsalu imeneyi ndaigwirapo ndi manja angawa, kungoti dzina lake lachizunguli ndikulimva bwino lero. Ife tinkangoti nsalu ya matiresi. Amene munagonapo ku sukulu zogonera konko kale, kapena m'chipatala masiku a mabedi a vono, mukukumbukira matiresi a mizeremizere, yoyera ndi yabuluu kapena yakuda, okhala ndi timabatani tomangira thonje kuti lisaunjikane mbali imodzi. Ndi imeneyo.

Chimene chimaisiyanitsa ndi nsalu zina ndi kawombedwe kake. Ulusi wake ndi wothinana kwambiri. Mukaiyang'anitsitsa muona timizere topendekeka ngati ta jinzi, ndipo ina timizereto timatembenuka uku ndi uku, azungu amati herringbone chifukwa timaoneka ngati minga ya nsomba. Anaiwomba choncho ndi cholinga. Nthenga ili ndi kamtengo kosongoka kumunsi kwake, ndipo munthu akamagona nkumatembenuka, kamtengo kaja kamafunafuna pobowola. Pa nsalu wamba kamatuluka usiku woyamba womwewo. Udzu nawo umabaya, thonje limatulutsa fumbi. Ticking ntchito yake ndi kutsekera zonsezo mkati.

Anaphiri ku Leeds: Madala anena zoona. Ndiwonjezereko za kuno, poti ndi kwawo kwa mawuwa. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Agogo amene timawasamalira, makamaka amene anakulira kumidzi, mukatchula ticking amadziwa nthawi yomweyo, ena mpaka amayamba kufotokoza za matiresi a nthenga a amayi awo. Koma atsikana achingerezi amene ndimagwira nawo ntchito, ambiri akamva mawuwa amaganiza za wotchi, kapena kuchonga mafomu athu a tsiku ndi tsiku. Choncho asisi musadzione ngati mbuli. Ngakhale kuno si mawu a aliyense. Ndi a osoka, opanga mipando ndi okonda kukongoletsa m'nyumba.

Mlongo wa ku Joni: Ine ndikutsutsako pang'ono. Zimene akunena madala ndi zakale. Masiku ano munthu akati ticking akunena mizere basi. Pitani m'mashopu a zam'nyumba kuno ku Johannesburg, mupeza makatani, makushoni, nsalu za patebulo, ma apuloni, zonse zolembedwa ticking stripe. Zina ndi zopyapyala zoti nthenga ingadutse osaima. Mzungu wa loji amafuna chipinda chioneke bwino pa chithunzi cha pa intaneti. Achemwali, gulani kotoni wa mizere ing'onoing'ono ya buluu, sokani mapilokesi, landirani ndalama zanu.

Madala a Singer: Ndiye mukatero mwamupha mwanayu. Akasoka ndi nsalu ya shati, alendo nkumadzuka nthenga zili m'tsitsi, abweza ndani ndalama ya mamita 20?

Mlongo wa ku Joni: Nanga akagula nsalu yokhuthala yokakala, mzungu nkunena kuti ndimafuna mapilokesi ofewa ogonera tsaya, abweza ndani? Madala, dziko linasintha.

Wamipando pa Mchesi: Mundilole ndilowepo, chifukwa nonse awiri muli ndi mbali yanu, komanso pali tanthauzo lachitatu limene simunalitchule. Ife opanga mipando ndi mabedi, komanso mafakitale a matiresi, nsalu iliyonse yokuta matiresi kunja timaitchula ticking. Kaya ndi ya maluwa, kaya ndi yoyera yonyezimira, kaya ndi poliyesita yoluka imene amaisokerera pa kasiponji kopyapyala, pa invoisi amalemba mattress ticking. Kawirikawiri ilibe mizere, si kotoni, ndipo sigwira nthenga chifukwa mkati mwa matiresi a lero muli siponji kapena masipuling'i. Dzina linatsalira pa malo amene nsaluyo imakhala. Ndiye Nachisale ukapita kwa ogulitsa zipangizo za mipando nkungonena kuti ndikufuna ticking, akhoza kukudulira ya matiresi a siponji, yosathandiza pa ntchito yakoyo.

Nachisale ku Mangochi: Mayo ine. Ndiye zakhala zitatu tsopano. Nsalu yogwira nthenga, mizere chabe, ndi chikuto cha matiresi.

Aphunzitsi opuma: Ndi mmene mawu amayendera akakalamba. Awa ndi akale ndithu. Akatswiri a mbiri ya mawu amawalondola mpaka ku Chigiriki, theke, kutanthauza chosungiramo kanthu. Aroma anawatenga nkukhala theca. Angerezi akuoneka kuti anawalandira kudzera kwa anthu a ku Netherlands ndi madera oyandikana nawo, amene ankachita nawo malonda a nsalu, ndipo mpaka lero m'Chidatchi nsalu imeneyi amati tijk. Tick ya thumba inalipo kale m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400, ticking ikupezeka m'zaka za m'ma 1600. Mukaona chiyambi chakecho, mawuwa sankanena za mtundu kapena mizere. Ankanena za ntchito yosunga zam'kati. Mizere inabwera chifukwa owomba nsalu anazolowera kuiwomba choncho, anthu nkuzolowera kuiona, mpaka maonekedwe analanda dzina.

Compadre wa ku Angónia: Aphunzitsi, ndiye kuti biblioteca yathu kuno ku Mozambique ndi mbale wake wa pilo?

Aphunzitsi opuma: Ndithu achimwene. Mbali yoyambayo ndi mabuku, teca ndi chosungiramo. Thumba la mabuku ndi thumba la nthenga, gogo wawo ndi mmodzi.

Compadre wa ku Angónia: Nchifukwa chake ndikalowamo ndimagona.

Wabelo ku Tsoka: Poti aphunzitsi alipo, ndifunseko changa. M'mabelo a zofunda amene ndimatsegula, pa mapaketi ena pamalembedwa bed linen, koma ukaona kachikwangwani kam'mphepete pali 100% polyester kapena cotton. Makasitomala ena ozindikira amandifunsa kuti iyi ndi linen yeniyeni? Ine ndimangoti eya. Kodi azunguwo amanama kapena ndine ndikunama?

Anaphiri ku Leeds: Ndinu mukunama achimwene 😂 Linen yeniyeni ndi nsalu yochokera ku chomera chotchedwa flax, osati thonje. Ulusi wake amautenga ku tsinde. Imazizira bwino pathupi, imakwinyika msanga, ndipo ndi yodula. Kale ku Ulaya mashiti, nsalu za patebulo ndi zovala zamkati zinkapangidwa ndi imeneyo, ndiye dzina linakakamira ngakhale thonje litalowa m'malo. Kuntchito kwathu kabati yosungira mashiti, mapilokesi ndi matawulo timaitchula linen cupboard, koma mulibemo ngakhale kansalu kamodzi ka flax. Bed linen ndi zoyala pabedi zonse, za nsalu iliyonse. Ikakhala yeniyeni amalemba 100% linen kapena pure linen pa kachikwangwani. Mukaipeza imeneyo m'belo musagulitse pa mtengo wa poliyesita.

Mayi a Mvano ku Nkhoma: Kodi si ija m'Baibulo timawerenga kuti bafuta? Pa Marko 15, Yosefe wa ku Arimateya anagula bafuta nkukulungamo thupi la Ambuye. M'Chingerezi pamenepo pali linen.

Aphunzitsi opuma: Ndi pomwepo amayi. Omasulira anafuna mawu amene anthu athu ankawadziwa a nsalu yoyera yabwino, ndipo anapeza bafuta. Koma bafuta amene ankabwera kuno ndi amalonda a kugombe anali wa thonje. Mawuwo ndi a Chiperisiya, bafta, kutanthauza chowombedwa, ndipo m'Chiswahili alimonso. Ndiye ifenso tili ndi mawu amene anasamuka pa nsalu ina kupita pa ina.

Wabelo ku Tsoka: China. Mapilo ena a ku America amabwera ndi chikwangwani chachitali choyera, cholembedwa kuti kuchichotsa ndi mlandu. Mayi wina anakana kugula poopa apolisi.

Anaphiri ku Leeds: Chimenecho chimaletsa wogulitsa, osati wogula, ndipo zatsopano zimalemba kuti except by the consumer. Chinayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene opanga matiresi ena ku America ankathira zisanza zauve ndi zinyalala mkati, nkukuta ndi ticking yatsopano yokongola. Wogula sakanatha kuona mkati, ndiye malamulo anakakamiza kuti alembe zimene athiramo.

Admin: Abale, zonsezi nzokoma koma Nachisale sanathandizidwe. Tibwerere ku mapilo.

Madala a Singer: Mwana wanga, usachite manyazi kumufunsa kasitomala. Funso la telala wodziwa ntchito ndi ili: mukufuna matumba a mkati kapena mapilokesi, ndipo mkati mwa mapilo anu muli chiyani? Ukafunsa choncho saganiza kuti sukudziwa. Aona kuti wakumana ndi mmisiri.

Mlongo wa ku Joni: Apo ndiye ndavomera. Funsani, tione amene walasa.

Nachisale ku Mangochi: Ndamufunsa, wayankha pompano. Akuti ali ndi mapilo a nthenga za bakha amene anabwera nawo kuchokera kwawo, 50 cm ndi 75 cm. Matumba ake atha, nthenga zikutuluka ndipo zikubaya alendo. Mapilokesi oyera ali nawo kale. Akufuna matumba atsopano. Wanditumiziranso chithunzi cha lakale, lili ndi mizere ing'onoing'ono ndi madontho achikasu a thukuta.

Madala a Singer: Mlongo wa ku Joni, muli kuti?

Mlongo wa ku Joni: Ndili pano madala, netiweki inavuta 😅 Koma mizere ya buluu waitchulabe, musaiwale.

Madala a Singer: Waitchula chifukwa ndi imene anazolowera. Tsono Nachisale, tamvera bwino, chifukwa apa ndi pamene pali ntchito. Wogulitsa aliyense akuuza kuti nsalu yake ndi yolimba. Usamvere pakamwa. Tenga nsonga ya nsaluyo uyang'anitse kudzuwa kapena ku tochi ya foni. Ukaona timabowo ta kuwala ngati sefa, isiye. Kenaka iike pakamwa uuzire mwamphamvu, dzanja lina lili kuseri. Mpweya ukamadutsa mosavuta, nthenga nayo idutsa. Yoyenera imakubwezera mpweya m'masaya. Chachitatu, pita ndi nthenga imodzi ya m'mapilo akewo m'thumba, ukayese kubaya nsaluyo ndi kamtengo kake uku ukupotokola. Ogulitsa akuseka, koma ndalama ndi zako.

Wamipando pa Mchesi: Ndiwonjezere. Pofunsa kwa ogulitsa akuluakulu ku Limbe kapena ku Lilongwe, kapena potuma munthu kunja, mawu oti unene ndi featherproof kapena downproof, kutanthauza yosadutsa nthenga. Ukangoti ticking yokha ubwera ndi zija tanena. Pali inanso yopepuka yotchedwa cambric, yoyera, imene amapangira mapilo ndi maduveti a nthenga masiku ano. Imeneyo ulusi wake ndi wowonda koma wochuluka, nthawi zambiri cha m'ma 230 pa inchi imodzi ya mbali zonse, ndipo kufakitale amaipsinja pakati pa zitsulo zotentha kuti ulusi uphwatalale nkutseka mipata. Ukaigwira imalira ngati pepala. Ikasowa yeniyeni, drill wabwino wa kotoni, uja wa mayunifolomu ndi maovolosi, ndiye wapafupi chifukwa naye ndi wowombedwa mopendekeka. Koma umuyese kaye monga anenera madala, si drill yense amene amagwira nthenga.

Anaphiri ku Leeds: Chenjezo limodzi pa mizere. Mapilokesi oyera a mu loji akachapidwachapidwa amapyapyala, ndipo mizere ya buluu wakuda imaonekera. Alendo ena amaona ngati pilo ndi yakuda. Muuzeni mayiyo asankhe yekha, koma mumuuze ntchito isanayambe. Komanso dulani kachidutswa muviike m'madzi otentha ndi sopo, muone ngati buluuyo akusuluka. Kutentha kwa ku Mangochi munthu amatuluka thukuta usiku wonse, utoto wosakhazikika ungathimbirire pa mapilokesi ake onse.

Nachisale ku Mangochi: Nanga ndiichape kaye ndisanadule? Kotoni amafupika.

Mlongo wa ku Joni: Chapani. Lamulo la kotoni ndi limenelo.

Wamipando pa Mchesi: Pa iyi ine ndingakane. Ikakhala ija yopsinjidwa kufakitale, kuchapa kumatukusira ulusi ndipo kusalala kuja kumachepa. Imeneyo umangosoka, nkusiyako malo pang'ono. Koma ikakhala drill kapena ticking yokhuthala imene mphamvu yake ili m'kawombedwe, chapa, ndipo ikafupika mipata imathinanso. Ukatero sita ndi simbi yotentha kwambiri idakali yonyowa pang'ono.

Madala a Singer: Ndipo pali nzeru yakale imene achinyamata simuidziwa. Ukasoka thumba, litembenuze, upake phula la njuchi kapena sopo wouma wamtanda mbali yamkati yonse, makamaka m'misoko. Azungu akale ankachita zomwezo ndi matiresi awo a nthenga. Phula limatseka timipata totsala. Kwathu kunyanja tinkasoka mapilo a usufu, uja wa m'zipatso za mtengo waukulu, ndipo ngakhale usufu subaya, umatuluka ngati utsi pa nsalu yotayana, munthu nkumayetsemula usiku wonse. Sopo ankathandiza.

Pa kasokedwe: singano ikhale yatsopano, yaing'ono mmene nsalu ingalolere, chifukwa bowo lililonse la singano ndi khomo la nthenga. Pa cambric nambala 11 kapena 12 yakwana, pa drill 14. Fupikitsa sititchi, isapitirire 2 mm. Msoko ukhale wa French, uja umasoka kunja kaye, nkutembenuza, nkusokanso kuti m'mphepete mubisike. Mapini ubaye m'mphepete mokha, kunja kwa msoko. Ndipo usaike zipi. Ndaonapo atelala akuika zipi pa thumba la nthenga poganiza kuti akuchita zamakono, nthenga nkumatulukira m'mano mwa zipiyo.

Mayi a Mvano ku Nkhoma: Nanga posamutsa nthengazo? Ine ndinaonapo mnzanga akutsegula pilo yotere pakhonde kuli mphepo ya mwera. Bwalo lonse linayera, ana nkumathamangitsa nthenga mpaka kwa aneba.

Madala a Singer: Sutsegula nkukhuthula ayi. Siya kamwa la thumba latsopano pafupifupi 20 cm. Sula msoko wa pilo yakale muyeso womwewo, ulumikize makamwa awiriwo ndi ulusi wapamanja kuzungulira, kenaka uzikankha nthenga pang'onopang'ono kuchoka kwakale kupita kwatsopano. Zikatha, dula ulusi uja, pinda, soka kawiri. Chitira m'chipinda chotseka mawindo, fani itazimitsidwa, nsalu yonyowa ili pafupi yotolera zothawa. Uvalenso chotseka pamphuno.

Anaphiri ku Leeds: Ena amangolowetsa pilo yakale yonse m'thumba latsopano osasamutsa kanthu. Nzofulumira, koma pa chithunzi mwati pali madontho a thukuta. Fungo likhala momwemo. Ngati ndi loji, samutsani, ndipo mtengo wa ntchito yosamutsayo muuwerengere padera. Si kusoka kumeneko, ndi ntchito ina.

Nachisale ku Mangochi: Ndalemba zonse. Chatsala ndi muyeso. Mamita 20 akwanadi kapena mayiyu wangoponya nambala?

Wamipando pa Mchesi: Zitengera mulifupi mwa nsalu. Tiyerekeze ndi ya 140 cm. Pilo imodzi ikufuna chidutswa cha 53 cm ndi 153 cm, chopinda pakati, misoko ili momwemo. Mu 140 mutuluka zidutswa ziwiri zogundizana, nkutsala kamzere ka 34 cm. Ndiye 153 cm iliyonse ikupatsa mapilo awiri. Mapilo 24 ndi maulendo 12, kuchulukitsa ndi 1.53, ikukwana mamita 18.4. Mamita 20 akwana, koma ukachapa kaye drill, nsalu yotsala ikhala yochepa, ndiye usalakwitse podula. Ukapeza ya 160 cm zidutswa zikhala zitatu, mamita 13 akukwanira. Ikakhala ya mizere, onetsetsa kuti zidutswa zonse wadula mbali imodzi, mizere isayende chopingasa pa mapilo ena.

Wabelo ku Tsoka: Kamzere ka 34 cm kotsalako musataye asisi. Mamita 18 a kamzere ameneko ndi tizikwama ta ana asukulu tambirimbiri. Munditumizire, tigawana.

Mlongo wa ku Joni: Loweruka ndikupita ku mashopu a nsalu ku Fordsburg. Ndikafunsa ya featherproof, yoyera ndi ya mizere, ndijambula ndi mitengo yake ndiponye pano. Mukaikonda ndipatsira wa basi ya Lachiwiri. Koma kuuzira nsalu ndi pakamwa m'shopu ya eni ake, madala, mundikhululukire, ndikangoyesa ndi tochi.

Madala a Singer: Uzira mwana iwe. Tochi imanama pa nsalu ya mtundu wakuda.